Kwa mayi a ku Bangula amene akupita ndi ana ku Blantyre

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mwati tchuthi chikubwerachi mukufuna kutenga ana anu atatu, wa zaka 12, wa zaka 8 ndi chitsirizira wa zaka 4, kuti mukakhale masiku atatu kwa alongo anu ku Zingwangwa, ndipo mukufunsa zokawaonetsa poti ndalama n'zochepa. Ambiri akuuzani kuti mukangowapititsa ku Chichiri Mall kukadya ayisikilimu basi. Si zoipa, koma ine ndikuona kuti mungawononge thiransipoti yonseyo ana n'kubwerako atangoona mashelefu. Ine ndimakhala ku Nchalo, ndipo ulendo umenewu ndauyenda kangapo ndi ana anga. Chomwe ndinaphunzirapo n'chakuti ana a kuno ku Chigwa amasangalala kwambiri akazindikira kuti zambiri zimene zinamanga Blantyre zinadzera kwathu kuno, pa mtsinje wa Shire. Ndiye malo amene ndikutchulireni ndi otere, ndipo ambiri mwa iwo ndi otsika mtengo kapena aulere.

Tiyambe ndi msewu, chifukwa ulendo umaonongekera pomwepo. Kuchoka ku Bangula, kudutsa Ngabu, Nchalo mpaka Dyeratu, ana amakhala bwinobwino poti ndi pachidikha. Vuto limayamba mukangooloka mlatho wa Kamuzu n'kudutsa pa Thabwa, pomwe minibasi imayamba kukwera chitunda chokhotakhota chija. Mwana wosazolowera amachita chizungulire, makutu amatsekeka, kenako kusanza. Musawapatse chipisi, mandasi kapena zamafuta m'mawa umenewo. Phala pang'ono kunyumba ndi madzi akumwa zikwanira, zina akadya pamwamba. Tengani majumbo awiri kapena atatu, kansalu konyowa, ndi malaya osinthira a wamng'onoyo muwaike pamwamba pa chikwama, osati pansi. Makutu akatsekeka muwapatse switi aziyamwa, kumeza malovu kumawatsegula. Pemphani kondakitala akupatseni mpando wa pawindo, ndipo mukakwerako ndithu muwauze ayang'ane kumbuyo. Adzaona Shire akunyezimira pansi ngati chingwe, ndi minda ya nzimbe itabiriwira kutali. Mwana wanga wamkazi tsiku loyamba anangoti kukamwa yasa, n'kundifunsa kuti, "Amayi, ndiye kuti ife timakhala m'dzenje?"

Chachiwiri ndi kuzizira, ndipo apa musachite chibwana. Blantyre ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene ife kuno sitifika ngakhale 100. Miyezi ya June, July mpaka August kumakhala chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu, komwe kamatha kukhala masiku angapo. Ana athu anazolowera kugona panja pa mkeka chifukwa cha kutentha, kumeneko amanjenjemera. Aliyense akhale ndi juzi, masokosi ndi nsapato zotseka. Za kaunjika zikwanira. Tenganinso bulangete limodzi lanu, musadalire kuti alongo anu ali ndi okwanira anthu anayi owonjezera.

Tsopano zokaona. Langizo langa ndi loti malo awiri pa tsiku akwana, osapitirira. Wa zaka 4 akatopa mudzamubereka ndinu.

Tsiku loyamba pitani ku Museum ya ku Chichiri, nyumba yosungiramo zinthu zakale, yomwe inatsegulidwa mu 1966. Pakhomo pamalipiridwa kangachepe, ana mtengo wawo ndi wotsikirapo. Musathamangire kulowa m'kati, chifukwa zokoma kwa ana zili panja pa kapinga: mainjini a sitima zakale zoyendera nthunzi, galimoto yakale yozimitsira moto, ndi basi yachikale. Mwana wanga wamwamuna, ali ndi zaka 7 nthawi imeneyo, anaima pambali pa gudumu la sitima n'kumalipapasa, akusuzumira m'ng'anjo momwe ankasonkhamo moto. Tinakhalapo pafupifupi ola lathunthu, osafuna kuchoka. Inu a ku Bangula nkhaniyi ndi yanu kuposa wina aliyense. Ana anu amasewera pa njanji tsiku ndi tsiku, koma anabadwa madzi osefukira a 1997 atadula kale njanjiyo pa Chiromo. Muwauze ali chiimire pamenepo kuti njanji yoyamba m'dziko muno inayambira kwathu, kuchokera ku Nsanje, komwe kale ankati Port Herald, kudzera pa Chiromo, n'kukafika ku Blantyre mu 1908. Sitima za mtundu umenewu zinkadutsa pakhomo pa agogo awo. Mukawauza choncho, chitsulocho amachiona ndi maso ena.

M'katimo muli zida za makolo, makasu, mikondo, ng'oma, zinthu za nthawi ya ukapolo, ndi ndalama zakale zomwe zinkagwira ntchito kwacha isanabwere mu 1971. Wa zaka 12 uja musamulole atuluke asanaone mwala umene unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981, wolemera makilogalamu oposa 90. Kusukulu amaphunzira za zinthu zam'mlengalenga pa bolodi, apa achiona ndi maso. Ngati pali wogwira ntchito womasuka, m'pempheni akuyendetseni, amalongosola m'Chichewa bwino lomwe ndipo ana amamvetsera mlendo kuposa mayi wawo.

Mukatuluka pamenepo Chichiri Mall ili pafupi, bwalo la mpira la Kamuzu lili pomwepo, ndipo chipilala cha ufulu chopingasa msewu wa Masauko Chipembere muchiona. Ndiye ayisikilimu uja adyere tsiku limeneli, koma mukhale mutawadyetsa kale kamba wochokera kunyumba, ndipo muwauziretu kuti aliyense asankha chinthu chimodzi. Mwana wanjala mukalowa naye m'sitolo yaikulu, ndalama ya thiransipoti yobwerera ithera pomwepo. Mukamva kuti tsiku limenelo Bullets ndi Wanderers akukumana pa bwalopo, sinthani tsiku. Chikhamu chake si choyenda nacho ndi ana.

Tsiku lachiwiri ndi lomwe ine ndimalikonda. Yambani ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission, ambiri amangoti ku HHI, kufupi ndi depoti ya Wenela. Kaya mumapemphera mpingo wanji, pitaniko. Mishoniyi inayamba mu 1876 pa malo a mfumu Kapeni, ndipo amishoni a ku Scotland amenewo anafika kudzera m'Shire mwathu momuno. Dzina loti Blantyre analitenga ku mudzi komwe anabadwira David Livingstone. Tchalitchicho chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, yemwe sanaphunzirepo za zomangamanga, pamodzi ndi anthu akuda omwe ankaumba ndi kuwotcha njerwa pomwepo. Njerwazo si za mtundu umodzi ayi. Pali zozungulira, zosongoka, zokhala ngati maluwa. Ine ndinauza ana anga kuti tipikisane, tione amene apeze mitundu yambiri. Anazungulira tchalitchi chonse kawiri, mutu uli m'mwamba, akukanganirana kuti iyi ndayamba kuiona ndine. Mnyamata uja titabwerako anakhala sabata yonse akuumba tinjerwa tadothi kuseri kwa nyumba. Mukafika perekani moni kwa amene mwawapeza ndi kupempha chilolezo musanalowe kapena kujambula, ndipo ana aletseni kuthamanga m'katimo, ndi nyumba ya mapemphero yomwe ikugwirabe ntchito.

Kuchoka apo pitani ku Mandala House, nyumba yosanja yomangidwa mu 1882, imodzi mwa zakale kwambiri zomwe zidakaimabe m'dziko muno. Inali likulu la kampani ya African Lakes, yomwe ankayendetsa abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a maso, anthu n'kumutcha Mandala, dzina n'kukakamira malo onsewo mpaka lero. Chomwe ndimafuna ana amve pamenepa ndi ichi: katundu wa kampaniyi ankabwera pa sitima zapamadzi m'Shire mpaka pa doko la kwa Katunga ku Chikwawa. Kuyambira pamenepo amtengatenga ankasenza pamutu, wapansi, kukwera mapiri omwe aja ana anu achitira chizungulire ali khale mu minibasi. Nsalu, mchere, zitsulo, zonse pa mitu ya anthu. Ine nditaima pakhonde la nyumbayo n'kuganiza za anthu amenewo, omwe mayina awo sanalembedwe pa khoma lililonse, mtima unandiwawa, ndipo ndinaona kuti ana anga ayenera kudziwa. Pansi pa nyumbayo pali malo oonetsera zojambula ndi zosema, pamwamba pali laibulale ya mabuku ndi zithunzi zakale. Palinso malo odyera pabwalo, koma mitengo yake ndi ya alendo akunja, inu kaoneni nyumba ndi zithunzi basi.

Mukatsala ndi mphamvu, yendani pang'ono mu Victoria Avenue aone nyumba zazitali ndi maloboti. Kwa mwana wa ku Bangula zimenezo n'zachilendo ndithu, musazipeputse.

Apa ndinene za kusamala, chifukwa zinandionekera. Tsiku lina mu msika wa Limbe ndinaima kusankha nsapato za kaunjika, ndinangomusiya dzanja mwana kanthawi kochepa kuti nditulutse ndalama pachitenje. Potembenuka, palibe. Ndinakuwa dzina lake miyendo ikunjenjemera, ndikungoona misana ya anthu. Patapita mphindi ngati zisanu mayi wina wogulitsa tomato anandikodola, mwana ali pambali pake akulira, anali atatsatira munthu wonyamula mabaluni. Chiyambire tsiku limenelo mwana aliyense ndimamulembera dzina langa ndi nambala ya foni pa kapepala n'kuika m'thumba, wamng'ono ndimamulemba pamkono ndi bolopeni. Ndimawauzanso kuti ukasochera usayendeyende, ima pomwepo, ndipo upemphe thandizo kwa mayi wogulitsa malonda kapena wapolisi wa yunifolomu. Ku msika, ngati n'kotheka, pitani nokha ana atatsala ndi alamu anu. Pooloka msewu wamkuluyo agwire wapakatiyo, inu mubereke wamng'ono. Galimoto za m'tauni si ngati njinga za kabaza za kwathu zomwe zimakuimbira belu. Ndipo njinga zamoto, chonde, musakwezepo ana ngakhale akuuzeni kuti n'zotchipa. Ndalama zambiri zikhale mu foni, pa Airtel Money kapena Mpamba, m'manja muzingokhala za minibasi ndi zolipira kuchimbudzi.

Wina wakuuzani za kukaona nyama ku Bvumbwe. Ine ndikuti ndalama imeneyo isungeni. Njovu, mikango ndi njati zili ku Majete, nyala zili ku Lengwe, pakhomo pathu pomwe. A ku Blantyre ndi amene amatsikira kuno kudzaziona.

Tsiku lachitatu musadzipanikize. Ana acheze ndi asuweni awo, amenenso ndi mbali ya ulendo. Ngati alongo anu ali ndi mpata atha kutenga wamkuluyo kukakwera naye Njira ya Mtanda ku phiri la Michiru, kudzera ku Chilomoni, m'mawa dzuwa lisanakwere, atanyamula madzi. Ang'onoang'ono asapite, n'chitunda. Koma pali chinthu chimodzi chaulere chomwe ndikupemphani musachiphonye. Zingwangwa ili m'munsi mwa phiri la Soche, malo okwera sasowa. Kukangoda, avekeni majuzi, mutuluke nawo limodzi ndi alongo anu pamalo poonekera, aone magetsi a mzinda wonse atayala mpaka ku Ndirande. Akamadabwa, muwauze kuti magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi madzi a Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo Kapichira ili ku Chikwawa konkuno. Ndi madzi omwewo amene amadzadutsa pa Chiromo.

Popita musapite chimanjamanja. Malambe, masawu ngati alipo, ndi nsomba zouma za ku dambo, a m'tauni amazilandira ndi manja awiri, ndipo zimapepukitsa mtolo wa alamu anu odyetsa alendo anayi masiku atatu. Pobwerera nyamukani m'mawa kapena dzuwa lisanapendeke, kuti chitunda cha Thabwa mutsike kukuwala ndi kukafika ku Bangula kusanade. Majumbo aja musataye, potsika amafunikanso.