Za funso lako lija pa gulu, msuweni

Eee, msuweni, ndine. Ndaliona funso lako, loti munthu angapeze bwanji mapepala aboma kapena mbiri ya munthu pomwe a dzina limenelo alipo ambirimbiri. Ndati ndingolankhula, zala zatopa. Ndili pa Chitakale, phokoso ukumvalo ndi akabaza.

Koma iwe... unayamba liti kufufuza mbiri za anthu? Akuti "ndikufunsira mnzanga." Mnzako ameneyo si uja wa jekete pa dzuwa tinamuona ku chinkhoswe ku Luchenza? Ayi, ndatseka pakamwa, muno muli akuluakulu. Koma ndiyankha ngati ndi yemweyo.

Ku NRB, bungwe lopereka ziphaso za unzika lija, usatayeko thiransipoti. Chiphaso cha unzika tinajambulitsa mu 2017 chija, aliyense ali ndi nambala yakeyake, ndiye boma limawasiyanitsa anthu a dzina limodzi. Koma iwe sungafike pa ofesi yawo kwa DC n'kunena kuti ndiuzeni za uje. Sangakuuze, ndipo akukhoza, nanga iweyo ungakondwe? Akuonetse mwini wake. Komanso chaka chobadwa cha pa ziphasozi, mmm. Agogo ena paja anangouza mlembi kuti "ndinali kumsana pa njala ya 1949," mlembi n'kuwerengera yekha. Kulembetsa mwana aliyense akabadwa kwakhwima mu 2015 muno, ndiye a msinkhu wathu ambiri satifiketi yobadwira alibe.

Zikundikumbutsa malume. Osati a ku Limbuli, ayi, aakulu aja, a chipewa. Iwe unali usanabadwe... ngakhale ine, ndikunama, ndinangomva kwa amayi, koma ndamva kambirimbiri moti ndimaona ngati ndinalipo. Malume anapita ku Joni pa Wenela, bungwe lotenga anthu kukagwira ntchito ku migodi, ndege yake ija isanagwe ku Francistown mu 1974, Kamuzu asanaletse anthu kupita. Tsono dzina anapita nalo silinali lawo. Linali la achimwene awo. Anabwereza nalo Sitandade 8... kaya inali 6 nthawi imeneyo, kaya, koma anabwereza nalo sukulu, dzina n'kuwakanirira. Ndiye pa mgodi womwewo panali bambo wina wochokera kutsidya kwa Muloza, cha ku Milange, dzina loyamba lomwelo, la bambo lomwelo. Mlomwe mnzawo, ankadyera limodzi.

Bambo ujayo anamwalira pa ngozi ya pansi. Munthu wina wobwerera kumudzi anatsika basi pa boma, n'kuuza wogulitsa nthochi kuti uje wa ku Mulanje watisiya ku Joni. Wa nthochi anauza wa njinga. Pofika madzulo uthenga uli pakhomo pa agogo. Analira maliro, msuweni, opanda mtembo. Anthu anagona pa siwa, mpaka kumeta anameta. Azakhali aja, ukuwadziwa, anali atayamba kale kufunsa za njinga ya malemu.

Patapita miyezi, tsiku lina masana, anthu akupalira, akungoona munthu akubwera mu msewu wa m'tiyi, sutikesi pamutu pa mnyamata, wailesi m'manja ikulira. Chipewa chija. Akazi anataya makasu! Agogo aamuna okha ndi amene anaima, akuti anatola dothi n'kuwaponyera kuti aone ngati ndi munthu. Malume n'kunena kuti, "Mwandilandira ndi dothi, nsima ilibe?" Hahaha. Mpaka imfa yawo yeniyeni ankati ine ndinafa kale, musandiopseze. Ndipo njinga anakaitenga okha kwa azakhali, osapereka moni.

Chimene chimandipweteka n'choti ku mgodiko sanasokoneze kanthu. Kumeneko munthu ankadziwika ndi nambala ndi chidindo cha chala. Anasokoneza ndi apakamwa, amene anamva dzina basi n'kuthamanga nalo. Akanangofunsa kuti wa mudzi uti, mfumu yake ndani, bwenzi agogo asanamete.

Eya, ndafika pamene ndimafuna. Dzina palokha silikuuza kanthu. Funsa mudzi, nyakwawa, T/A, ndiponso amayi ake ndi a kwa yani. Kuno kwathu munthu amayenda ndi dzina la bambo, koma kwawo ndi kwa amayi, ndipo amene amamudziwa ndi mwini mbumba. Akati ndine wa kwa Mabuka, funsa mudzi uti, poti kwa Mabuka n'kwakukulu. Akati kwa Chikumbu, chimodzimodzi. Akayamba kuzungulira, "makolo anasamukasamuka," pamenepo tchera khutu.

Mapepala alipo ndithu, sindikukana. Mabuku a ku tchalitchi ndi amene ndimawakhulupirira ine: a ubatizo, a maukwati. Ku Mulanje Mission a CCAP amasunga, ku parishi za Akatolika amasunga, ndipo amalemba makolo ndi mudzi, osati dzina lokha. Ukwati wa kwa DC umalembedwanso. Zakalekale za nthawi ya atsamunda zili ku National Archives ku Zomba, koma mnzako wa jeketeyo si wakale choncho. Zigamulo zina za makhoti akuluakulu zili pa intaneti, pa MalawiLII, ungalembe dzina n'kuona. Koma ukapeza dzina lofanana pa mlandu, chonde usathamange nalo kwa amayi ako, ungamuphe munthu ali moyo ngati malume. Ona kaye chaka, ona dera. Pa Facebook ndiye usanene, kusaka Phiri kapena Banda pamenepo kuli ngati kusaka tsamba limodzi m'munda wa tiyi.

Kanzeru kena kakang'ono: yamba ngati ukumutumizira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, dzina lolembetsera nambala limaoneka. Likatuluka la mkazi... aaa, mwina ndi la mlongo wake, anthu amalembetserana. Mwina. Ndangonena.

Koma imva apa, poti ndikudziwa chimene ukufuna kudziwa. Ukwati wa chinkhoswe, wa ankhoswe okhaokha, nthawi zambiri ulibe pepala ku ofesi iliyonse. Munthu angakhale ndi mkazi ndi ana atatu ku Thyolo uko, iwe n'kusanthula mabuku onse osapeza kanthu. Ndiye ndikubwereza: mudzi, mfumu, amayi ake. Upeze zitatuzo, utume munthu wamkulu akafike pamudzipo ngati wodutsa, akapemphe madzi akumwa. Amayi a pa mjigo akamuuza zonse, ndi zomwe sanafunse.

Ndipo poti dzina la bambo ake likufanana ndi la agogo a kuchimuna... eee, unkaganiza sindinaone? Zimenezonso akatsimikize ndi malume a ku Limbuli, si za pa foni. Iweyo ungonditumizira dzina la mudzi ku inbox, osati pa gulu pano. Mudzi ndi amayi ake, basi. Loweruka ndikupita ku msika wa ku Limbuli kukagula chinangwa, ndikawadzera. Bandulo yanga ikutha, ndipo azakhali akamva za njinga zija, ine sindinanene.