Chokoleti cha ku Mzuzu ndi ndalama za anthu: achemwali, khalani pansi kaye

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kuno ku Mzuzu. Amapanga chokoleti ndi manja awo, amagulitsa m'kashopu kakang'ono, ndipo akufuna kukuza bizinesi: furiji yaikulu, mashini operera koko, mwina ndi chipinda china. Ngongole ya kubanki akuiopa. Akufunsa ngati n'zotheka kupempha achibale, anzawo ndi makasitomala kuti asonkhe ndalama, monga mmene anthu akunja amachitira pa intaneti.

Ndinachedwa kuyankha, achemwali, chifukwa funso lanu landikanda pachipsera.

Ine ndinkaphika makeke ku Chibavi, m'nyumba ya lendi. Uvuni wanga unali poto wamkulu pambaula, mchenga pansi, makala pachivundikiro. Keke ikamapsa ndinkagwada n'kumanunkhiza, chifukwa ukavundukula msanga imafota pakati. Maoda atachuluka, anthu omwewo anayamba kunena kuti, "Iwe, manja uli nawo, bwanji osagula uvuni wamagetsi? Tikuthandiza." Ndipo anathandizadi. Amayi a kubanki m'khonde yathu anasonkha padera, osati kuchokera m'bokosi la gulu. Azakhali anga anabwera ndi ndalama yomanga pakona ya chitenje. Amalume a ku Johannesburg anatumiza yawo kudzera mwa dalaivala wa basi. Uvuni unafika pa galimoto yahayala, ana a m'dera akuuthamangira pambuyo, ndipo usiku umenewo ndinagona mochedwa ndikungouyang'ana.

Palibe amene ananena ngati ndalamazo zinali mphatso, ngongole kapena masheya. Aliyense anali ndi yankho lake mumtima. Mwana wa azakhali atapeza banja, uthenga unangobwera woti keke ya chinkhoswe ikhale ya magawo atatu, za mtengo osatchula, pajatu "uvuniwo ndi wathu". Amalume ankaimba foni usiku kufunsa phindu la mwezi. Tsiku lina ndinapita kutchalitchi nditavala chitenje chatsopano, chogula ndi malipiro a bambo a kunyumba, ndipo ndinamva kumbuyo kwanga mayi wina akunong'ona kuti, "Ndalama zathu zikuvala." Mayi ameneyo anasonkha ndalama yosakwana n'kugula thireyi ya mazira. Koma chiyambire tsiku limenelo, nsapato iliyonse imene ndavala inkawerengedwa.

Uvuniwo ulipo mpaka lero ndipo ukugwira ntchito. Ena mwa anthu amene anaugula sitipatsananso moni momasuka.

Choncho anthu akamati kusonkherana ndalama za bizinesi ndi nzeru yatsopano yochokera kunja, ine ndimangoseka. Ife tinayamba kalekale: chipereganyu, banki m'khonde, zopereka za pamaliro, perekaniperekani wa paukwati. Koma taonani perekaniperekani. Munthu amavina, amaponya ndalama yake m'lichero anthu akuona, nyimbo ikatha nkhani yatha. Sabwera m'mawa kudzafunsa kuti akwati agula chiyani. Bizinesi ilibe nyimbo yotsekera, ndiye amene anaponya amangovinabe m'khitchini mwanu chaka ndi chaka. Ine ndafika poti ndimakana ndithu ndalama imene ilibe dzina. Ngati ndi mphatso, mwiniwake anene pamaso pa mboni. Ngati ndi ngongole, tilembe tsiku lobweza. Zoti "tidzaona m'tsogolo, si ndife amodzi" ndi zimene zimapasula maubale.

Ndipo musanamizidwe ndi a pa Facebook. Mukaika chithunzi cha chokoleti chanu, anthu mazana adzalemba kuti akukunyadirani, Mulungu akutsogolereni, Malawi akufunika anthu ngati inu. Ikani nambala ya Airtel Money pansi pake muone mmene kukhalire zii.

Komatu bizinesi yanuyi ndaikonda, ndipo Mzuzu ndi malo ake. Batala wa koko, mafuta amene amakhala mu chokoleti, amasungunuka kutentha kukafika cha m'ma 34 digiri, n'chifukwa chake chokoleti chimasungunuka mkamwa. Ku Karonga kapena ku Salima mwezi wa Okutobala chingasungunukire pashelefu. Kuno kamphepo kathu kamakuthandizani ulele, ngakhale chinyezi cha m'dzinja chimatha kuchititsa chokoleti kutuwa pamwamba ngati chachita nkhungu, makasitomala n'kumachibweza chili chabwinobwino. Zosakaniza zilinso pafupi. Shuga akuchokera ku Dwangwa. Makademiya amalimidwa ku Kawalazi, m'boma la Nkhata Bay. Khofi ndiye osanena. Koko amene amalimidwa ku Kyela, m'dziko la Tanzania, ali kungowoloka malire pa Songwe. Mlendo amene akudutsa pano kupita ku Nyika kapena kunyanja, mukamuuza kuti chokoleti ichi muli khofi wa ku Misuku, satsutsa mtengo.

Nkhani ya khofiyo indikumbutsa china. Alimi ang'onoang'ono a ku Misuku, Phoka ndi Viphya nawonso amaika mphamvu zawo pamodzi, ndipo kuyambira 2007 ali pansi pa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Mavuto sangalephere, monga pagulu lililonse. Koma membala wa kopaletivi amadziwa kuti iye ndi membala, pali malamulo olembedwa, pali misonkhano yokafunsirako mafunso. Safunsira kumbuyo kwa munthu m'tchalitchi.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mtengo wa koko. M'chaka cha 2024 tani imodzi inadutsa madola 10,000 a ku America pamsika wa dziko lonse, chifukwa zokolola zinavuta ku Côte d'Ivoire ndi Ghana, maiko awiri amene amalima koko woposa theka wa dziko lapansi. Mlimi wa ku Kyela nayenso foni ali nayo, mitengo amaimva. Onjezanipo kwacha yathu, imene inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mukamasonkhetsa ndalama pang'onopang'ono kwa chaka chathunthu, mashini amene munawaona pa mtengo wina mudzawapeza atathawa, ndipo mudzabwerera kwa anthu omwe aja kukapempha zoonjezera. Ulendo wachiwiriwo nkhope zimakhala zina.

Pali magetsinso. Kamphero kamagetsi kopera koko kamazungulira tsiku lathunthu, nthawi zina masiku awiri kapena atatu, kuti chokoleti chisalale. Magetsi akazima pakati pausiku, phala lija limauma n'kugwira miyala. Ine keke ya ukwati inandiferapo mu uvuni mwanjira yomweyo, mkwatibwi ali kusaluni. Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi sola, inveta ndi mabatire, chipinda chija chidikire.

Za pa intaneti

Masamba otchuka osonkhetsera ndalama ngati GoFundMe ndi Kickstarter salola munthu wokhala ku Malawi kutsegula kampeni n'kulandirira ndalama ku banki ya kuno. Anthu amadzera mwa m'bale amene ali ku UK kapena ku America, ndiye kuti ndalama yanu yonse ikhala mu akaunti ya munthu wina, kutsidya kwa nyanja. Mwina inu muli ndi m'bale wotero amene mumamukhulupirira. Komabe anthu amene adzadye chokoleti chanu ali ku Katoto, ku Luwinga, ku Mzuni ndi m'malo ogona alendo a ku Nkhata Bay, ndipo amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba.

Tsono yankho langa nali, lalifupi. Musapemphe thandizo ndipo musagulitse masheya. Gulitsani chokoleti chimene simunapange. Munthu alipire lero, azilandira kabokosi mwezi uliwonse kwa miyezi 6, bokosi lomaliza likatuluka mwathana, aliyense kwawo. Tchulani chinthu chimodzi chimene mukufuna kugula, onetsani pepala la mtengo wake lochokera kwa wogulitsa, ndipo kusonkhetsako kusapitirire milungu yochepa. Muwerengere kuti koko akwera mabokosiwo asanathe. Aliyense alembedwe m'kope, asayine, alandire risiti, ngakhale akhale mayi anu okuberekani. Ndalama yotsalayo kakambiraneni ndi SACCO, osati a katapila. Lembetsani dzina la bizinesi, ndipo musanapite kukagogoda m'masitolo akuluakulu pezani kaye chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, chifukwa ndicho chimene adzayambe kukufunsani.

Munafunsanso kumapeto kwa imelo yanu ngati ineyo ndingasonkheko. Kusonkha ayi. Koma mukayamba za mabokosizo ndilembeni poyambirira, cha khofi chija, shuga wochepa chifukwa adokotala anandiletsa. Ndidzabwera ndekha kudzatenga Loweruka ndikamachokera kumsika, ndipo risiti mundikonzere.