Kwa abusa ofuna kukhala chaplain m'chipatala ku America

Abusa, mwafunsa ngati digiri yanu ya zaumulungu ikukwanira kuti mulembedwe ntchito ya chaplain m'chipatala momwe mumagona odwala a zipembedzo zosiyanasiyana. Payokha sikwanira ayi.

Zipatala zimayang'ana CPE, Clinical Pastoral Education, maphunziro a uchaplain omwe mumaphunzira mukutumikira odwala. Yuniti imodzi ndi maola 400: pafupifupi 300 muli m'mawodi, 100 muli pakagulu ndi mphunzitsi. Funsirani malo pa chipatala chovomerezedwa ndi ACPE, bungwe loyang'anira maphunziro a CPE. Kuti Association of Professional Chaplains ikupatseni satifiketi, pamafunika mayuniti 4, masters ya makirediti 72, kalata ya mpingo wanu yokuvomerezani ndi maola 2,000 a ntchito ya chaplain. Ngati digiriyo munaitengera kumudzi, pemphani msanga bungweli kuti liiunike, poti zimatenga nthawi.

Pomwe abusa ambiri amapunthwa ndi pa verbatim. Mukacheza ndi wodwala mumalemba zonse zomwe munakambirana, dzina lake osatchula, ndipo anzanu amawerenga pamaso panu. Apa mpomwe zimaonekera kuti wodwala anati "ndikuopa", inu n'kuthamangira vesi osamufunsa chomwe akuopacho. Kwathu tinazolowera kuti m'busa akafika pabedi apemphere basi. Kuno pemphero mumayamba mwapempha chilolezo, ndipo akakana mumakhalabe pansi n'kumumvetsera. Kukopera wodwala ku mpingo wanu n'koletsedwa, ndipo n'zoyenera: munthu ali gone pabedi sangathe kukuthawani.

Zina muzidziwiretu. Mkatolika akafuna kudzozedwa mafuta a odwala, itanani wansembe, inu simungamudzoze. Wa Mboni za Yehova akakana magazi, musamunyengerere. Onetsetsani kuti wasankha yekha ndipo madokotala amva. Msilamu akamatsirizika, abale angafune kumuyang'anitsa ku Mecca ndi kumuthandiza kunena shahada, mawu ovomereza chikhulupiriro cha Chisilamu. Thupi lake limasambitsidwa ndi Asilamu anzake, amuna kwa mwamuna, akazi kwa mkazi, ndipo maliro sachedwa, choncho thandizani kuti zikalata zituluke mwachangu. Wa chipembedzo cha Sikh asametedwe tsitsi osafunsidwa. Komabe musangoganizira potengera zomwe zalembedwa pa fayilo, pakuti Asilamu awiri sangafune zofanana. Funsani kuti, "Pa nthawi ngati ino, kwanu mumachita bwanji?"

Chilankhulo chikavuta, itanani womasulira wa chipatala, osati mwana wa wodwalayo, chifukwa mwana amabisa mawu owawa. Ndipo musanayambe kugwira usiku, sungani m'foni manambala a shehe, wansembe ndi rabi (mtsogoleri wa Chiyuda) omwe angabwere ngakhale 2 koloko m'bandakucha.