Wes Montgomery mwamuyambira kumchira

Achimwene, mwafunsa kuti anthu amamutamandiranji Wes Montgomery, woimba gitala ya jazz wa ku America, pomwe chimbale chomwe mwamvera, A Day in the Life, chikungomveka ngati nyimbo zoika anthu akamadya m'hotela. Makutu anu sanakunamizeni. Kungoti mwayambira kumchira. Chimbalecho n'cha 1967, kutatsala chaka chimodzi kuti amwalire, ndipo panthawiyo anali akujambula nyimbo zotchuka pawailesi, mavayolini ali mbwee kumbuyo.

Bwererani ku 1960, mupeze The Incredible Jazz Guitar of Wes Montgomery. Ikani "West Coast Blues", mukhale pansi, foni muiike patali. Amayamba ndi nsambo imodziimodzi ngati munthu akucheza nanu. Kenaka amagwira nsambo ziwiri pamodzi, liwu limodzi lomwelo koma lina pansi lina pamwamba, zomwe oimba amati ma octave. Pomaliza amatsanulira ma chord athunthu, nsambo zingapo kulira pamodzi, nyimbo n'kufufuma ngati gulu lonse lalowamo. Ine tsiku loyamba ndinabwereza gawo limeneli mpaka usiku, gitala ili pamwendo, zala zikukana kutsatira.

Ndiye mvetserani kufewa kwa liwulo. Sankagwiritsa ntchito kapulasitiki komenyera nsambo kaja, ankamenya ndi chala chachikulu basi. Anazolowera choncho chifukwa ankaphunzira usiku kunyumba kwake ku Indianapolis, komwe anabadwira mu 1923, ndipo sankafuna kusokosa anthu. Sankawerenga manotsi. Anaphunzira ndi khutu, kumvera zimbale za woimba gitala Charlie Christian mobwerezabwereza mpaka kuloweza.

Chimene chimandikhudza ine ndi zaka zomwe palibe ankamudziwa. Anayendako ndi gulu la Lionel Hampton kuyambira 1948 mpaka 1950, koma anabwerera kwawo kukasamala banja. Masana ankawotcherera zitsulo pafakitale, usiku n'kumaimba m'makalabu mpaka kuche. Mu 1959 woimba saxophone Cannonball Adderley anamumva ku kalabu ya Missile Room, ndipo anakauza Orrin Keepnews wa kampani yojambula nyimbo ya Riverside kuti munthuyu asamusiye. Apa n'kuti Wes ali ndi zaka 36.

Mukachoka pamenepo pitani pa Full House cha 1962, chojambulidwa pamaso pa anthu ku Berkeley, kenaka Smokin' at the Half Note cha 1965, chomwe ali ndi Wynton Kelly pa piyano, Paul Chambers pa besi ndi Jimmy Cobb pa ng'oma. Kwa ine chimenechi ndiye pachimake. Pa "No Blues" amaimba nthawi yaitali koma maganizo osamuthera, ndipo Kelly amafika pongosiya piyano kuti mnzake adutse.

Ena amati atayamba kugwira ntchito ndi wojambulitsa nyimbo Creed Taylor ku kampani ya Verve ndi ku A&M anatengeka ndi ndalama. Mawu amenewa amandiwawa. Riverside inagwa mu 1964, ndipo bamboyu anali ndi ana asanu ndi awiri omuyang'ana. Zimbale zofewazo ndi zomwe zinamupatsa mphoto ya Grammy ndi ndalama zooneka koyamba m'moyo wake, ndipo sanazidyerere n'komwe. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 15 June 1968, ali ndi zaka 45.

Mukamvera zitatuzo, mudzachiikenso chija cha 1967. Chala chija mudzachimva pansi pa mavayoliniwo.