Kuyesa Makutu a Wailesi ya HF Popanda Zida Zodula

Achimwene, mwafunsa ngati pali njira yodziwira kuti wailesi ya HF (ya mafunde a 3 mpaka 30 MHz) imene mwagula kwa munthu wina ikumvabe bwino, popeza mawu a pa 14 MHz akufika motsika ndipo S-meter (singano yosonyeza mphamvu ya siginolo) sikugwedezeka kwenikweni, pamene signal generator (chida chotulutsa siginolo yoyesera) ya mu labotale ndi yodula kwambiri. Njira ilipo, ndipo gawo loyamba silifuna ndalama ngakhale tambala imodzi.

Lumikizani dummy load (kachida koyerekeza eriyo koma kosakoka siginolo) ya 50 ohm pamalo a eriyo, mumvetsere phokoso la wailesi pamalo opanda siteshoni, kenaka muchotse dummy load ija n'kubwezera eriyo. Ngati phokoso lakwera momveka bwino, ndiye kuti wailesi yanu ikumva kale zinthu zotsika kuposa phokoso la dera lanu, ndipo kuiwonjezera mphamvu yakumva sikungakupatseni siteshoni ina yatsopano. Pa 7 MHz, makamaka m'nyengo ya mvula pamene mphezi zikung'anima, komanso m'makomo momwe muli ma inverter a sola ndi matchaja a foni, pafupifupi wailesi iliyonse imapambana mayeso amenewa. Pa 21 ndi 28 MHz ndiye pamene wailesi yogontha imaonekera.

Mukafuna manambala, muyenera kukhala ndi chida chotulutsa siginolo ya mphamvu yodziwika. Malinga ndi muyeso wa IARU, bungwe la padziko lonse la okonda mawailesi, pa HF nambala ya S9 pa S-meter ndi ma microvolt 50 pa 50 ohm, kapena kuti -73 dBm (dBm ndi muyeso wa mphamvu ya siginolo), ndipo S iliyonse imasiyana ndi inzake ndi 6 dB. Kachida ka Elecraft XG3 kamatulutsa -73 dBm komanso -107 dBm, imene ndi microvolt imodzi, pomwe tinySA, kachida kena koyezera siginolo, nayonso ili ndi generator mkati mwake. Lowetsani -73 dBm, preamp (yokweza siginolo) ndi attenuator (yochepetsa siginolo) ya wailesi zili zozimitsa, muone ngati singano yaima pa S9. Musadandaule mukaona kuti m'munsi mwa S9 masitepe sakukwana 6 dB, chifukwa mawailesi ambiri ndi otero kuchokera kufakitale, ndipo S-meter yonama si umboni woti wailesi ndi yogontha.

Muyeso weniweni wa kumva ndi umene amautcha MDS, kutanthauza siginolo yochepetsetsa imene wailesi ingathe kuimva. Ikani wailesi pa CW (pomvera Morse) ndi filter ya 500 Hz, zimitsani AGC (gawo la wailesi limene limakweza kapena kutsitsa siginolo palokha), ndipo mulumikize multimeter ya AC potulukira mawu a sipika. Lembani voteji ya phokoso lokha, kenaka muzikweza siginolo pang'onopang'ono kudzera m'ma attenuator mpaka voteji ija itakwera ka 1.41, komwe ndi kukwera kwa 3 dB. Multimeter yotchipa ndi yokwanira, chifukwa chimene tikufuna ndi kusiyana kwa manambala awiriwo, osati kulondola kwa nambala iliyonse payokha. Phokoso lachilengedwe lochokera ku kutentha ndi -174 dBm pa hertz imodzi, kotero mu 500 Hz malire ake ndi -147 dBm. Wailesi yabwino imapezeka cha m'ma -130 dBm. Mukapeza -115 dBm, yambani kukayikira ma relay (maswitchi a mkati) a litsiro, filter yowonongeka kapena transistor yoyambirira imene inapsa ndi mphezi.

Koma apa ndi pamene ambiri amanyengekera, ndipo ndikupemphani kuti mumvetse bwino. Vuto la zida zotchipa si kulondola kwake kwenikweni, koma kudontha. Siginolo ya -130 dBm ndi yochepa kwambiri moti imene ikutuluka m'mbali mwa kachida ka pulasitiki, kapena kudzera pa waya wa USB, imatha kulowa mu wailesi osadutsa mu attenuator n'komwe. Ine ndinasangalalapo tsiku lina nditapeza -142 dBm pa wailesi yakale, mpaka pamene ndinachotsa chingwe n'kupeza kuti kaliwu ka generator kakumvekabe. Choncho musanakhulupirire nambala iliyonse, chotsani chingwe, mutseke polowera eriyo ndi dummy load, ndipo mumvetsere. Ngati kaliwu kalipo, ikani generator pamodzi ndi attenuator yoyamba m'chitini chotsekeka bwino, monga cha mabisiketi, muyiyendetse ndi batire, ndipo mugwiritse ntchito chingwe cha coax cha zotchinga ziwiri monga RG-400. Njira ina yotsimikizira ndiyo kuwonjezera attenuator ya 10 dB siginolo ili pamwamba ndithu pa phokoso: voteji ikapanda kutsika pafupifupi katatu, AGC ili yozimitsa, ndiye kuti pali podontha.

Musanalumikize chilichonse, zulani maikolofoni ndi kiyi ya Morse, muzimitsenso VOX (imene imayambitsa kutumiza ikangomva mawu), chifukwa kudina PTT (batani lotumizira) kamodzi kokha kumatumiza mawati 100 m'kachida kamene kanapangidwira mamiliwati ochepa. Mukamaliza, tilembereni MDS imene mwapeza pa 14 MHz ndi pa 28 MHz, preamp yoyatsa ndi yozimitsa, kuti tione ngati vuto lili pa band imodzi kapena pa wailesi yonse.