Kapu ndi rota ya distributa zikungotha msanga, vuto lili pati?

Imelo ya lero yachokera kwa bambo wina amene ali ndi Hilux yakale ya petulo, injini ya 4Y, imanyamula kabichi ndi mbatata kupita kumsika. Akuti chaka chisanathe asintha kapu ndi rota ya distributa (chipangizo chogawa moto wa magetsi ku mapulagi; kapu ndi chivindikiro chake, rota ndi kamkono kozungulira mkati mwake) katatu, zikakhala zatsopano galimoto imayenda bwinobwino koma pakapita miyezi yochepa imayambanso kumisa (injini kulira modukizadukiza), m'mawa kulira kwake mpaka kukankha. Ndiye akufunsa kuti kodi akumawagulitsa zida za feki kapena pali china?

Achimwene, feki iliko inde, koma katatu konse? Kapu nthawi zambiri imangofera za eni, chomwe chikuipha chimakhala chili pena.

Ine ndikanayamba ndi mapulagi ndi mawaya ake. Moto wochokera ku koilo (chipangizo chokweza voteji ya magetsi) umalowa pakati pa kapu, kudutsa pa kakhala (kaboni) kakang'ono kokhala ndi sipuling'i kaja, kufika pa rota kenako kudumphira pa tizitsulo tinayi tamkati. Tsono pulagi ikatha gapu yake (mpata wa kunsonga umene moto umadumpha) imakula, kapena waya akaduka mkati pomwe kunja akuoneka wabwinobwino, koilo imakakamizika kukweza voteji kuti moto udumphebe, ndiye moto wochuluka uja umadya nsonga ya rota ndi tizitsulo tija, ukasowa podutsa umadzipangira njira yake pa pulasitiki. Mukaona timizere takuda topyapyala mkati mwa kapu ngati wina walemba ndi pensulo dziwani kuti ndi zimenezo. Gapu pa mainjini akale a Toyota amenewa imakhala cha m'ma 0.8mm, ndipo waya aliyense asapitirire 25 kilo-ohm, makaniko wa zamagetsi aliyense amene ali ndi mita atha kukuyezerani pompo. Usiku mumdima tsekulani boneti injini ikulira, mukaona timoto tabuluu tikuthetheka m'mawaya musafunsenso munthu. Osagwira ndi manja chonde, zimamenya zoopsa.

Kenako gwirani rota, injini itazima, muigwedeze cham'mbali. Ikamasewera ndiye kuti mabushi a shafti atha, rota ikumazungulira mopendama nkumakhula tizitsulo, ndipo mupeza tizinyenyeswa tonyezimira pansi pa kapu kapena tizitsulo tambali imodzi tadyeka kuposa tinzake. Apa olo mutagula ya orijino yodula bwanji ithanso basi, pakufunika kukonza distributa yonse kapena kusaka ina yabwino.

Chinyezi nachonso sichichedwa kupha kapu. Moto ukamadumpha mkatimo umapanga mpweya wa ozone ndi mipweya ina yomwe ikakumana ndi chinyezi imasanduka asidi, nchifukwa chake pamakhala timabowo topumira. Fumbi la misewu yathuyi likatseka timaboowo, kuphatikiza anyamata apa car wash amene amangolunjika paipi pa injini ili yotentha, tizitsulo timachita zoyerayera ngati ufa kapena zobiriwira. Makapu otchipa a tizitsulo ta aluminiyamu ndiye amagonja msanga, pogula muitembenuze muone mkati, tikakhala tachikasu ndi brass, imeneyo ndiye tengani ngakhale ikwere mtengo pang'ono.

Mukapeza oilo mkati, silo ya shafti yatha, ndipo muonenso valavu ya PCV (yotulutsa mpweya wounjikana mkati mwa injini) ndi paipi yopumira injini chifukwa zikatsekeka mpweya wa mkati mwa injini umakankha oilo kulowa mu distributa.

Chomwe simunandiuze mu imelo ndi choti koilo ndi yake yomwe kapena munaikamo ina. Anthu amakonda kuika koilo ya galimoto ina ati yamphamvu, ena kuchotsa ballast resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi opita ku koilo) kulumikiza dairekiti, mapeto ake mapointi (tizitsulo totsegula ndi kutseka magetsi a koilo mu distributa) kupsa, koilo kutentha ngati nsimbi. Ngati makapu atatu akale aja simunataye, ajambuleni mkati pamodzi ndi marota ake munditumizire, pulagi imodzinso muimasule muijambule kunsonga.