Nati imalowa bwinobwino koma kasitomala wabweza, zamawayazi ndi zotani?

FUNSO: Achimwene, ndikuphunzira ntchito ya lathe pa shopu ina ku Graniteside muno mu Harare. Ndikadula mazinga ndimayesa ndi nati, ikalowa ndimati basi zatheka, koma kasitomala wina wabweza shafti ya pampu akuti nati yake ikugwedera. Abwana anangoti ukanayeza ndi mawaya, osalongosola. Mawaya ake ati, nanga amayeza chani? Wowerenga wa ku Mbare

YANKHO: Mphwanga, vuto ndi natiyo. Nati ya pa benchi yalowa m'mabauti ambirimbiri, mwina yadyeka mwina inabwera kale yothina, ndiye ikalowa yangokuuza kuti yalowa basi, siikuuza kuti wadya chitsulo chochuluka bwanji. Kuyeza pamwamba pa mazinga ndi micrometer nakonso sikuthandiza chifukwa bauti ndi nati sizigwirana pansonga, zimagwirana m'mbali mwa mazinga. Chomwe abwana ako akufuna ndi pitch diameter, kunenepa kwa bauti pakatikati pa mazinga pomwe kamtumbira ndi kakhwawa zikufanana kukula.

Mawaya ndi atatu, olimba, ofanana ndendende. Awiri uwagoneke m'makwawa oyandikana mbali imodzi, wachitatu mbali inayo moyang'anizana nawo, kenako uyeze ndi micrometer pamwamba pa onsewo. Manja amachepa zoona, ndiye paka tigirisi pang'ono kuti amatirire kapena mangako kalabala kumapeto, ndipo yala kansalu pansi pa chuck chifukwa waya akagwera m'zinyenyeswa za chitsulo umusaka mpaka dzuwa kulowa. Pukuta kaye mazinga, kachinyenyeswa kamodzi kokha kamasokoneza zonse. Potseka micrometer gwiritsa ratchet, kachopotokola kakumapeto kwake kaja, osafinya ndi mphamvu.

Masamu ake si oopsa. Pa mazinga a metric, omwe khwawa lake ndi la madigiri 60, kunenepa kwa waya woyenera ndi 0.577 kuchulukitsa ndi pitch, womwe ndi mtunda wochoka pansonga ina kufika pansonga yotsatira. Titenge M10 x 1.5, bauti ya 10 mm ya pitch ya 1.5 mm: waya ndi 0.866 mm. Pa nambala ya micrometer chotsa kunenepa kwa waya katatu, uwonjezere 0.866 kuchulukitsa ndi pitch. Ikawerenga 10.325, chotsa 2.598, onjezera 1.299, wapeza 9.026 mm, yomwe ndi pitch diameter ya m'buku ya M10. Koma bauti wamba, ya kalasi ya kathinidwe yotchedwa 6g, imayenera kuchepera pang'ono, pakati pa 8.862 ndi 8.994, kutanthauza kuti pa mawayapo uziwona pakati pa 10.16 ndi 10.29. Ine ndimakonda kuwerengeratu manambala awiriwa ndisanayatse makina, kuwalemba ndi choko, kenako kumadula pang'onopang'ono nkumayeza shafti ili pa chuck pomwepo, osaimasula ayi, chifukwa ukaimasula kubwezeretsa tool mu khwawa lomwelo ndi ntchito ina.

Tsono pano mvetsera, chifukwa muno mu Harare mapampu ndi makina akale a ku Britain akadali ambiri ku Workington ndi Southerton konse. Ambiri ali ndi mazinga a Whitworth, aja Joseph Whitworth anakhazikitsa mu 1841, ndipo ndi a madigiri 55, ngati a mapaipi otchedwa BSP (British Standard Pipe). Ukawayika masamu a 60 upeza nambala yabodza. Pamenepo waya ndi 0.564 kuchulukitsa ndi pitch, umachotsa waya ka 3.166 nkuwonjezera 0.960 kuchulukitsa ndi pitch, ndipo pitch umaipeza pogawa 25.4 ndi kuchuluka kwa mazinga pa inchi imodzi. Shafti yabwezedwayo iyambe yaonedwa ndi thread gauge, kachipangizo kamano koyezera pitch, mwina unadula metric pomwe pamafunika Whitworth.

Seti ya mawaya ikasowa, matako a madirilo atsopano atatu ofanana amagwira ntchito bola uwayeze wekha nkuyika nambala yeniyeniyo m'masamu. Waya womangira wa kumsika wa Magaba ku Mbare usayese, ndi wofewa, amaphwanyika. Komanso mawaya sakuuza ngati tool unainola mopendekeka kapena magiya a lathe unawatchera pitch yolakwika, zimenezo uziwona padera usanayambe kudula.